Bomba silisankha wogwira ndi wogwidwa

Boma likanena kuti likupitiriza nkhondo pofuna kupulumutsa anthu ake ogwidwa ngati chikole, tizilifunsa funso limodzi: kodi mukudziwa nyumba ndi chipinda chomwe anthuwo agone usiku uno? Akuluakulu a asilikali akayankha kuti inde, tikudziwanso kuti alonda alipo angati ndi nthawi yomwe amasinthana, pamenepo mfuti ikhoza kubweza munthu kwawo ali moyo. Koma akayankha kuti sitikudziwa, kungoti tikawapanikiza ndi mabomba awatulutsa okha, mabanja adziwiretu kuti ena mwa abale awo adzabwera m'bokosi.

Wothyola tiyi ku Thyolo kapena wogulitsa nanazi pa Limbuli angaganize kuti izi ndi za pa wailesi chabe. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 a dziko lino anakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ena n'kutsatira pambuyo. Mwa anthu pafupifupi 250 omwe gulu la Hamas linawatengera ku Gaza pa 7 Okutobala chaka chomwecho munali antchito a m'minda ochokera ku Thailand, munalinso mnyamata wa ku Tanzania yemwe anapita kukaphunzira ulimi, ndipo mtembo wake unabwezedwa patatha zaka ziwiri. Asilikali athu akhala ali kum'mawa kwa Congo kwa zaka zambiri. Ndipo akuluakulu a ku Muloza sanaiwale zaka za m'ma 1980, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ikumveka tsidya la Milange. Renamo inkagwira anthu a m'midzi kuti aziisenzera katundu, inkagwiranso amishonale ndi akatswiri ochokera kunja, ndipo ena mwa alendowo inadzawamasulira m'malire a dziko lino itayenda nawo m'tchire kwa miyezi. Anthu wamba ambiri anabwerera kwawo pothawa okha, kapena mgwirizano wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992 utasainidwa.

Asilikali amagwira ntchito ziwiri zosiyana pa nkhani zotere, ndipo andale amazisakaniza dala. Ina ndi ya kagulu kochepa kolowa pamalo amodzi odziwika, kutulutsa anthu, n'kubwerera. Inayo ndi nkhondo yeniyeni: ndege zoponya mabomba, mizinga, kutseka misewu ya chakudya, m'dera lonse lomwe akuganizira kuti ogwidwawo alimo. Mbiri ya ntchito yoyambayi, yomwe nthawi zina imayendadi bwino, ndiyo amaigwiritsa ntchito pokometsera yachiwiri.

Tiyambe ndi yoyambayo, chifukwa mavidiyo omwe ana athu amaonera m'mashowu a pa Luchenza ndi pa Chitakale atinamiza kwambiri. Chovuta chachikulu ndi nthawi. Mlonda wokhala m'chipinda chimodzi ndi ogwidwa, ali ndi AK-47 ya zipolopolo 30, amangofuna masekondi ochepa kuti aphe onse. Obwera kudzapulumutsa ali ndi mtunda woti ayende, mpanda woti adumphe, chitseko choti aphwanye. Helikoputa imamveka ikadali kutali, makamaka usiku kumudzi, n'chifukwa chake gulu limatsikira makilomita angapo kuchokera pamalopo n'kutsiriza wapansi mumdima. Pa ulendo umenewo galu mmodzi wouwa, kapena mlonda wotuluka kukataya madzi, akhoza kuwononga ntchito yomwe yakonzedwa miyezi itatu.

Kuti masekondi amenewo akhale mbali ya opulumutsa, ayenera kudziwa komwe ogwidwa ali lero, osati komwe anali sabata yatha, popeza owagwira amawasamutsa pafupipafupi. Ayenera kudziwa mamangidwe a nyumba, ngati chitseko chimatsegukira mkati kapena kunja, ngati pazenera pali zitsulo, ngati pakhomo anatcherapo bomba. Ayenera kudziwa nkhope za ogwidwa ndi zomwe avala, ndiponso amene sangathe kuyenda, chifukwa munthu yemwe wakhala womangidwa miyendo kwa miyezi sathamanga, ndipo kumunyamula kumachotsa asilikali awiri kapena anayi pa ntchito yoteteza gulu. Pamapeto pafunika njira yotulukira, dokotala ndi magazi pafupi. Zambiri mwa izi sungazione ndi kamera ya m'mlengalenga. Zimachokera kwa munthu yemwe analowamo n'kutulukamo.

Ku Entebbe, m'dziko la Uganda, mu Julayi 1976 zinali choncho, zigawenga zitalanda ndege n'kugwira okwera ake ngati chikole. Ndege zinayi za Hercules zinauluka makilomita pafupifupi 4,000 kuchokera ku Israel, ndipo anthu oposa 100 anapulumuka. Zomwe sizikambidwa kawirikawiri ndi zakuti olanda ndege aja anali atamasula kale gulu lalikulu la okwera omwe sanali a ku Israel, ndipo anthu amenewo atafika ku Paris anafotokoza kuchuluka kwa alonda, zida zawo ndi malo omwe ankaima. Boma la Israel linali litavomera kukambirana, zomwe zinachititsa kuti tsiku lomwe olandawo anaika lisunthidwe, asilikali n'kupeza masiku oyeserera. Ngakhale zinali choncho, ogwidwa atatu anafa pa kuwomberanako, mmodzi chifukwa anaimirira asilikali akukuwa kuti aliyense agone pansi. Mayi wachikulire yemwe anali m'chipatala ku Kampala anaphedwa ndi anthu a Idi Amin pambuyo pake, ndipo Akenya ambiri okhala ku Uganda anaphedwa pobwezera, chifukwa ndegezo zinamwera mafuta ku Nairobi.

Ku Lima, likulu la Peru, boma linadikira masiku 126. Zigawenga 14 za MRTA zinali ndi anthu 72 m'nyumba ya kazembe wa Japan. Zokambirana zili mkati, anthu a m'migodi ankakumba njira za pansi pa nthaka zolowera pansi pa nyumbayo, asilikali akuyeserera pa nyumba ina yomwe anaimanga mofanana nayo, ndipo timaikolofoni tinalowetsedwa mobisa m'katundu wopita kwa ogwidwa. Mmodzi wa ogwidwawo, mkulu wa asilikali a pamadzi wopuma pa ntchito, ankatumiza uthenga wa zochitika mkatimo. Anadziwa kuti masana zigawenga zambiri zinkasewera mpira m'chipinda chachikulu cha pansi. Pa 22 Epulo 1997 bomba linaphulika pansi pa chipinda chomwecho mpira uli mkati, ogwidwa atauzidwa kale kuti akhale m'chipinda cha pamwamba atagona pansi. Anapulumuka 71, mmodzi anafa, pamodzi ndi asilikali awiri. Konseku kuwiri, kukambirana ndiko kunagulira asilikali nthawi ndi maso.

Pomwe chimodzi mwa zinthuzi chasowa, zotsatira zake n'zowawa. Ku Munich, ku Germany, mu 1972, zigawenga zitagwira ochita masewero a ku Israel pa mpikisano wa Olympics, apolisi anaika owombera patali asanu poyembekezera zigawenga zochepa, pomwe zinalipo zisanu ndi zitatu, ndipo ogwidwa onse asanu ndi anayi omwe anatsala anafera pa bwalo la ndege. Ku Moscow mu Okutobala 2002 asilikali anapopera mpweya wogonetsa m'nyumba ya zisudzo momwe munali anthu oposa 800. Zigawenga zinaphedwa, koma ogwidwa pafupifupi 130 anafa, ambiri chifukwa cha mpweyawo. Madokotala sanauzidwe mtundu wa mankhwala omwe anagwiritsidwa ntchito, mankhwala otsitsimutsa sanakwane, ndipo anthu okomoka anagonekedwa chagada panja ndi m'mabasi mpaka kutsamwa. Munthu wokomoka amagonekedwa cham'mbali kuti lilime ndi masanzi zisatseke kholingo. Chinthu chaching'ono ngati chimenecho chikanapulumutsa ambiri. Ku Beslan, ku Russia, komwe zigawenga zinalanda sukulu mu Seputembala 2004, anafa anthu oposa 330, mwa iwo ana 186, ndipo mu 2017 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linapeza boma la Russia lolakwa chifukwa chowombera sukulu ndi akasinja ndi zida zina zazikulu ana adakali mkati.

Nkhani yomwe ife kuno tiyenera kuilingalira kwambiri ndi ya ku Yemen mu Disembala 2014. Gulu la Al-Qaeda linali ndi mtolankhani wa ku America ndi mphunzitsi wa ku Bloemfontein, South Africa. Bungwe la Gift of the Givers, lomwe ambiri kuno timalidziwa pa chithandizo cha nthawi ya kusefukira kwa madzi, linali litamasulitsa kale mkazi wa mphunzitsiyo kumayambiriro kwa chaka, ndipo linanena kuti mwamunayo anali woti amasulidwe tsiku lotsatira. Usiku umenewo asilikali a America anatsika kudzapulumutsa munthu wawo. Alonda anawazindikira asanafike pa mpanda, mmodzi n'kuthamangira mkati kukawombera ogwidwa onse awiri. Akuluakulu a America ananena kuti sankadziwa kuti mphunzitsiyo ndi amene anali m'nyumbamo. Nzika ya dziko losauka ikagwidwa pamodzi ndi nzika ya dziko lamphamvu, moyo wake umatha kudalira chiganizo cha anthu omwe sakudziwa n'komwe dzina lake.

Ngati kagulu ka akatswiri kodziwa malo kamalephera chonchi, nanga bomba loponyedwa kuchokera m'mwamba? Makolo ananena kale kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Owagwira amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amaika ogwidwa pafupi ndi atsogoleri awo. Bomba lofuna mtsogoleri limagwetsa denga pa onse, ndipo m'njira za pansi pa nthaka utsi wake umapha ngakhale omwe zidutswa sizinawakhudze. Asilikali a Israel eniake anavomereza kuti ogwidwa atatu omwe mitembo yawo inapezeka mu Disembala 2023 ayenera kuti anafa ndi bomba lawo lomwe linkafuna mkulu wina wa Hamas. Njira za chakudya zikatsekedwa, wogwidwa amadya pambuyo pa mlonda. Wodwala shuga kapena BP amatha milungu opanda mankhwala. Nkhondo ikayandikira amawasamutsa usiku, pansi pa zipolopolo, ndipo zonse zomwe akazitape ankadziwa za malo awo zimasanduka zakale. Mafoni ndi mawailesi zikadulidwa, mlonda amatsala ndi lamulo lomaliza lomwe anapatsidwa, ndipo lamulo limenelo nthawi zambiri ndi lakuti asilikali akafika pafupi, ipha.

Palinso msilikali wamba, mnyamata wa zaka 19 kapena 20 yemwe wakhala milungu akuuzidwa kuti aliyense woyenda m'dera limeneli ndi mdani. Pa 15 Disembala 2023 ku Shejaiya, mu mzinda wa Gaza, ogwidwa atatu omwe anathawa okha anatuluka atavula malaya, atanyamula nsalu yoyera pa ndodo. Asilikali a dziko lawo lomwe anawawombera onse atatu.

Ziwerengero za ku Gaza zikunena momveka. Pa masiku asanu ndi awiri omwe nkhondo inaimitsidwa mu Novembala 2023, ogwidwa 105 anabwerera kwawo ali moyo. Pa mgwirizano wa Januwale ndi Febuluwale 2025 anabwerera amoyo 30, kuphatikizapo asanu a ku Thailand. Pa 13 Okutobala 2025 amoyo 20 omaliza anatuluka, nawonso pa mgwirizano. Omwe asilikali anawatulutsa amoyo m'zaka ziwiri zonsezo analipo asanu ndi atatu. Anayi mwa iwo anapulumutsidwa ku Nuseirat pa 8 Juni 2024, pa ntchito yokonzedwa bwino kwambiri, koma potuluka panagwa mabomba pakati pa misika ndi nyumba za anthu. Unduna wa zaumoyo ku Gaza unati anafa 274, Israel inati sanafike 100. Tingatenge chiwerengero chilichonse, amenewo anali ana ndi amayi a anthu ena, ndipo sitingawachotse pa kaundula. Kumapeto kwa Ogasiti chaka chomwecho ogwidwa asanu ndi mmodzi anawomberedwa ndi alonda awo pansi pa nthaka ku Rafah asilikali atayandikira, ndipo mneneri wa Hamas ananena kuti alonda anapatsidwa malamulo atsopano pambuyo pa Nuseirat. Kupambana kwa ntchito imodzi kumaphunzitsa owagwira, ndipo otsalawo ndiwo amalipira.

Tisasokoneze: mlandu wa imfa zimenezi uli choyamba pa amene anagwira anthuwo. Kugwira munthu ngati chikole n'koletsedwa m'mapangano a ku Geneva a 1949, ndipo pangano la ku Rome lomwe linakhazikitsa khoti la dziko lonse la ICC limakuika m'gulu la milandu ya pa nkhondo. Koma kudziwa wolakwa sikuyankha funso la mayi wofuna mwana wake abwere wamoyo.

Otsutsana nafe ali ndi mfundo ziwiri, ndipo zonse n'zolemera. Yoyamba ndi yakuti popanda kupanikizidwa ndi nkhondo, owagwira sangakhale pansi kukambirana. Muli choonadi mmenemo. Ku Colombia pa 2 Julayi 2008 asilikali anatulutsa ogwidwa 15, kuphatikizapo wandale Ingrid Betancourt, popanda kuwomba mfuti, ponamizira kukhala bungwe lothandiza lomwe latumidwa kudzawasamutsa. Chinyengo chimenecho chinatheka chifukwa gulu la zigawenga la FARC, lomwe linawagwira, linali litafooka, atsogoleri ake ena atafa, ndipo magulu ake sankathanso kulankhulana bwino kuti atsimikize lamulo. Koma dziko lomwelo mu Meyi 2003, asilikali atafika ndi mahelikoputa pa msasa wina ku Urrao, anapeza bwanamkubwa wa chigawo cha Antioquia, nduna yakale ya chitetezo ndi asilikali asanu ndi atatu atawomberedwa kale. Ndiponso pa ntchito ya 2008 ija msilikali wina anavala chizindikiro cha Red Cross, mpaka mtsogoleri wa dziko Álvaro Uribe anapepesa, chifukwa chizindikiro chimenecho chikakayikiridwa, palibenso galimoto yomwe mbali zonse ziwiri zingailole kudutsa kukatenga ogwidwa.

Maganizo athu ndi akuti kupanikiza kumathandiza pokhapokha ngati wopanikizayo ali wokonzeka kuleka akabwezeredwa anthu ake. Owagwira amasinthanitsa ogwidwa ndi chinthu: kuleka kwa mabomba, akaidi awo, njira yotulukira. Boma likalengeza kuti ngakhale mutawabweza onse tidzapitiriza mpaka tikutheni, lawauza kuti ogwidwa otsalawo ndiwo chishango chawo chomaliza, ndipo palibe amene amataya chishango mivi ikugwa. Pamenepo bomba lililonse lowonjezera limangowonjezera ngozi popanda kugula kanthu.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti kusinthanitsa kumalimbikitsa ena kudzagwiranso anthu. Mu 2011 Israel inamasula akaidi 1,027 posinthanitsa ndi msilikali mmodzi, Gilad Shalit, ndipo mwa omasulidwawo munali Yahya Sinwar, yemwe anadzatsogolera chiwembu cha pa 7 Okutobala. Palibe munthu woganiza bwino amene angaipeputse nkhani imeneyi. Boma lili ndi udindo woganizira omwe angadzagwidwe mawa, ndipo likhoza kuona kuti mtengo wina ndi wokwera kwambiri. Likaganiza choncho liyenera kuyang'ana mabanja m'maso n'kuwauza kuti tasankha kusalipira mtengo uwu, ndipo tikudziwa tanthauzo lake kwa abale anu. Chomwe tikukana ndi kuwauza kuti mabomba akugwawo ndi njira yobwezera ana awo, pomwe chiganizo chenicheni ndi chakuti zolinga zina za nkhondo zaikidwa patsogolo.

Ilipo nthawi yomwe kulowa ndi mfuti ndiye njira yokhayo: owagwira akayamba kupha ogwidwa, pakasowa munthu wolankhula naye, kapena akakhala pafupi kuwapereka ku gulu lina komwe sadzapezekanso. Ku Burkina Faso mu Meyi 2019 asilikali a France analowa pa msasa usiku pa chifukwa chomalizachi, n'kutulutsa anthu anayi amoyo. Asilikali awiri anafa chifukwa anayandikira osawomba, poopa kulasa ogwidwa. Pa ntchito yeniyeni yopulumutsa, ngozi amaisenza ndi msilikali. Ku Nigeria, mwa atsikana 276 a ku Chibok omwe Boko Haram inawagwira mu Epulo 2014, magulu aakulu omwe anabwerera pamodzi, 21 mu Okutobala 2016 ndi 82 mu Meyi 2017, anatuluka kudzera mu zokambirana zomwe boma la Switzerland ndi Red Cross anali amkhalapakati. Ngakhale asilikali athu, mzinda wa Goma, kum'mawa kwa Congo, utagwa m'manja mwa zigawenga za M23 mu Januwale 2025, anzawo atatu ataphedwa, anakhala m'misasa yozingidwa kwa miyezi ndipo anatuluka pa msewu wodzera ku Rwanda akuluakulu a asilikali a SADC atagwirizana ndi M23. Palibe amene anatumiza ndege kukaphwanya mzindawo kuti awatulutse, ndipo anachita bwino.

Banja la ku Bvumbwe kapena ku Nkando likamva kuti mwana wawo wagwidwa kunja, pali zochita zomwe zimasintha zinthu. Akanene ku unduna woona za maubale ndi mayiko ena komanso ku Malawi Red Cross, yomwe imalumikizana ndi nthambi ya Red Cross yofufuza anthu osowa pa nkhondo. Asankhe munthu mmodzi wolankhulira banja lonse, amalume kapena aliyense wodekha mtima, kuti uthenga usamatuluke pakamwa pambiri. Asalembe pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp kuti mwanayo anakhalapo msilikali, kapena kuti m'bale wake ali ndi maminibasi, chifukwa owagwira amawerenga, ndipo zotere zimakweza mtengo kapena kumuika pa ngozi. Alembe mankhwala omwe amamwa, mlingo wake, ndi zipsera kapena zizindikiro zomuzindikiritsa. Aliyense woimba foni kunena kuti ali naye apatsidwe funso lomwe wogwidwa yekha ndiye angaliyankhe, monga dzina la mphunzitsi wake wa sitandade 1, ndipo funso likhale latsopano nthawi iliyonse, popeza akathyali ofuna ndalama za pa foni amatulukira msanga pa nkhani zotere, ndipo chithunzi chakale si umboni woti munthu ali moyo lero.

Boma lathu nalo lili ndi gawo lomwe silifuna ndege kapena akasinja. Likamatumiza achinyamata kukagwira ntchito kufupi ndi nkhondo, likhale ndi kaundula wa dzina la munda uliwonse ndi amene ali pamenepo. Mmalawi akagwidwa, kazembe wathu alembere tsiku lomwelo boma lililonse lomwe lili ndi asilikali m'deralo, kulidziwitsa kuti munthu wathu ali mmenemo, kuti pali zokambirana ngati zilipo, ndi kuti tikufuna kufunsidwa wina asanaphwanye chitseko kapena kuponya bomba pamalopo.